Mafuta pa Thewera la Kambalame

Thewera lija linakana sopo.

Linali Loweruka m'mawa, ndipo ndinali pampopi wa kuseri kwa mdadada wa nyumba zathu. Mkazi wanga anali atagwidwa ndi mutu, choncho ndinanyamula beseni la matewera kuti ndichape ndekha. Mwana wathu wamkazi anali ndi milungu isanu. Tinkamutchula kuti Kambalame, chifukwa akamva njala ankangoyasama kukamwa ngati kamwana ka mbalame m'chisa.

Ndinapaka sopo, ndinafikisa, ndinatsukuluza. Banga silinachoke. Ndinapakanso. Madzi ankangotsetsereka pansalu osalowa, ndipo pamwamba pa madzi a m'beseni panayandama timadontho tonyezimira. Zala zanga zinkaterera.

Ine ntchito yanga ndi yopenta nyumba. Ndagwira burashi zaka khumi ndi zinayi, moti pamdadada aliyense amangonditchula kuti a Penti. Chinthu chamafuta ndimachidziwa ndi zala ngakhale nditatsinzina. Chimene chinali pathewerapo chinali mafuta. Mtundu wake nawonso unandidodometsa. Mwana atangobadwa kumene, chimbudzi chake chinali chachikasu chowala ngati cham'kati mwa dzira. Ichi chinali chotuwa, choyererako ngati laimu wogwera fumbi, ndipo chinali ndi fungo loipa lachilendo. Ndinavundukula matewera ena onse asanu ndi limodzi. Onse anali chimodzimodzi.

Ndinasiya beseni pomwepo n'kulowa m'nyumba. Nyumba yathu ndi chipinda chimodzi chachikulu chogawidwa ndi nsalu, ndipo kazenera kake ndi kamodzi. Mkazi wanga anali chigonere pabedi, mwana ali pambali pake. Achemwali anga aakulu, amene anabwera kudzatithandiza mwana atabadwa, ankasita zovala patebulo.

"Amake mwana, chimbudzi cha Kambalame mwachiona?" ndinafunsa.

Mkazi wanga anangotembenukira kukhoma. Amene anayankha ndi achemwali, osakweza n'komwe mutu.

"Kuyambira liti amuna kumaunika matewera? Achimwene, pitani mukapente. Mafutawo ndi a mkaka basi. Alamu angawa amakonda mtedza ndi mapeyala, ndiye mkaka wanona kwambiri. Ndinawauza kale kuti asiye zamafuta zonse."

"Kale? Kodi zimenezi zayamba liti?"

Mkazi wanga anayankha ndi mawu aang'ono, akuyang'anabe kukhoma. "Lero ndi tsiku lakhumi."

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake ankalawirira kuchapa ine ndisanadzuke, n'kumayanika matewera kuseri kwa nsalu m'malo mwa pachingwe cha panja. Ndinamvetsanso mutu uja. Kwa mlungu wathunthu munthu woyamwitsa ankadya zophika ndi madzi ndi mchere wokha, poopa kuti akuvulaza mwana wake.

"Vekani mwana, tipite kuchipatala," ndinatero.

Anadzuka msangamsanga n'kumukumbatira mwana pachifuwa ngati ndikufuna kumulanda. "Ayi, bambo ake. Mwanayu akuyamwa, akugona, sakutentha thupi. Chonde musandibwezere kumene kuja."

Ndinadziwa chimene ankanena. Zaka ziwiri m'mbuyomo tinali ndi mwana wamwamuna amene anabadwa masiku asanakwane. Anamwino anayesetsa, koma anangokhala masiku anayi. Mkazi wanga analowa m'chipatala ndi mimba, anatulukamo ndi chikwama cha zovala zimene mwana sanavaleko. Kuchokera apo, fungo la mankhwala okolopera linkamuchititsa mantha. Ngakhale pobereka Kambalame, anapempha kutuluka tsiku lotsatira lomwe.

Ndinene zoona, nanenso ndinkaopa. Ndinkaopa kuti tikapita atiuza chinthu chimene sindingathe kuchisenza. Choncho ndinagonja. Ndinati tione kaye masiku awiri.

Lamulungu achemwali anabwera kuchokera kumsika ndi zinthu ziwiri: chitini cha mkaka waufa ndi kabotolo kopanda chizindikiro, ka madzi akuda bii.

"Aka n'kotsuka m'mimba," anatero. "Wogulitsayo akuti timadontho titatu basi, mafuta onse atuluka. Akatero timusiyitse bere, ayambe wa m'chitiniwu."

Ndinakanunkhiza kabotolo kaja, n'kukaika pamwamba pa kabati. "Tiyembekeze kaye, achemwali. Mwanayu ndi wamng'ono."

"Ndalera ana anayi ine," anatero mokwiya. "Inu mwalera zitini za penti."

Lolemba ndinapita kuntchito. Tinkapenta sitolo ina yatsopano, ndipo kapitawo anandipatsa chipinda cham'kati. Nditatsegula chitini, ndinapeza penti wotuwa, woyererako, ndendende zija za pathewera. Ndinapaka khoma limodzi, mizere ikukhota ngati ya wophunzira. Nthawi ya nkhomaliro ndinauza kapitawo kuti kunyumba sikuli bwino, n'kunyamuka.

Ndinakapeza beseni lili pakhomo. Ndinatenga thewera limodzi losachapa n'kupita nalo kumpopi, kumene kumawala bwino. Ndinkaliyang'anitsitsa padzuwa, mwina mtundu wasintha. Sunasinthe. Unali utayera kuposa Loweruka.

"A Penti, mukuwerenga chiyani pamenepo, nyuzipepala?"

Anali Mayi Mopu, a nyumba yakumapeto. Dzinali linabwera chifukwa cha ntchito yawo: akhala akukolopa m'wodi ya ana pachipatala chachikulu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndi mayi wamfupi, wokonda nthabwala, ndipo anali atangoweruka, nsapato zawo zamphira zili m'manja. Ndinafuna kubisa thewera kumbuyo, koma anali ataliona kale.

"Tabweretsani kuno."

Analitenga, n'kulipendeketsa padzuwa. Kuseka konse kunathera pomwepo. Sindinawaonepo nkhope yotero.

"Zayamba liti?"

"Lero ndi tsiku lakhumi ndi chiwiri."

"Nthawi zonse akachita chimbudzi, kapena mwa apo ndi apo?"

"Nthawi zonse."

"Mkodzo wake ukuoneka bwanji?"

Ndinakumbukira mabanga ena apamatewera amene sindinawalabadire. "Wakuda, ngati tiyi wopanda mkaka."

"Katengeni mwana. Mutuluke naye panja pano, osati m'nyumba mwanu mwamdima muja."

Mkazi wanga anatuluka atamufukata mwana, achemwali ali pambuyo. Mayi Mopu anasamba m'manja pampopi, kenako anakokera pansi chikope cha Kambalame ndi chala, mofatsa. Tonse tinaweramira pamenepo. Poyera pa diso panali pachikasu. M'nyumba, kuseri kwa nsalu, palibe amene anaziona. Padzuwa zinali zosabisika.

"Chikasu chimenecho anali nacho atangobadwa," anatero mkazi wanga. "Anati ana ambiri amatero, chimatha chokha."

"Ananena zoona, mwanangu. Chimatha chokha, koma pamilungu iwiri. Uyu ali ndi isanu." Anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Mvetserani. Ine si namwino, ndimangokolopa. Sindingakuuzeni dzina la matenda. Koma m'wodi mwathu muli chipepala chachikulu pakhoma, ndimachipukuta fumbi tsiku lililonse. Pali zithunzi za chimbudzi cha ana. Zam'mwamba ndi zachikasu, zobiriwira, zofiirira, ndipo analemba kuti zili bwino. Zam'munsi ndi zotuwa ndi zoyera, ndipo analemba kuti bwerani lero lomwe. Ichi ndi cham'munsi."

Mkazi wanga anakhala pansi, pasimenti yonyowa ya pampopi, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. "Amayi, sindingathe. Akandilanda ameneyunso."

Mayi Mopu ananjuta pafupi naye. "Ndikudziwa zimene zinakuchitikira. Ndinalipo, ndinakolopa pansi pa bedi lako masiku anayi onse aja. Koma tamvera zimene maso angawa aona. Ana amene ndimawaona akutuluka ali kumsana kwa amayi awo, ambiri ndi aja anabwera akadali ndi mphamvu, akuyamwa ngati uyu. Amene amandiliritsa ndi aja amabwera atayesedwa kaye zonse kunyumba. Kuyamwa kwakeku si chifukwa chokhalira. Ndi chifukwa chothamangira. Dzuka, ndikuperekeza."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Thewerali musachape. Liikeni m'kathumba kapulasitiki. Tengani kabuku kake ka kusikelo. Mwamumwetsa kalikonse?"

Ndinati ayi. Koma achemwali analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo kaja. "Ndinakatsitsa pakabati posachedwa pomwepa," anatero. "Ndinali nditatenga kale supuni. Mwana anali m'tulo, ndiye ndinati akadzuka." Anali akuyang'anabe diso lachikasu lija.

"Mulungu wamugoneka tulo tabwino," anatero Mayi Mopu. "Tengani kabotoloko, akakaone kuchipatala."

Pachipatala chaching'ono cha kudera kwathu panali mzere wautali, koma Mayi Mopu ananong'oneza namwino wapakhomo, ndipo atangosuzumira m'kathumba kaja anatilowetsa. Namwino wa ana anali mayi wamtali wovala magalasi. Anamuvula Kambalame n'kumuika pasikelo. Anayang'ana nambala, anayang'ana m'kabuku, n'kubwereza kuyeza.

"Kuchokera pamene anabadwa, wangokwera pang'ono kwambiri," anatero. "Akuyamwa, koma chakudya sichikukhala m'thupi."

Anapapasa mimba ya mwana chakumanja, pansi pa nthiti, kwa nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kakhadi ka zithunzi ngati zimene Mayi Mopu ananena. "Bambo, pamasiku onsewa, chimafanana ndi chiti?"

Ndinaloza nthawi yomweyo. "Loweruka chinali ichi chachiwiri. Lero chafika apa, pakati pa chachiwiri ndi choyamba."

Namwino anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimapenta."

"N'chifukwa chake. Akanakhala abambo onse amayang'ana chonchi." Anayamba kulemba kalata. Cholembera chikuyenda, ndinalimba mtima kufunsa ngati mwana aliyense wochita chimbudzi chamafuta ali pangozi.

"Ayi," anatero. "Chimbudzi cha mwana woyamwa chimakhala chofewa, chachikasu, nthawi zina chokhala ndi timibulu, ndipo chikhoza kunyezimira pang'ono. Chikanyezimira kamodzi kapena kawiri, mtundu uli bwino, mwana akusewera ndipo sikelo ikukwera, palibe choopsa. Nthawi zinanso makolo amaona zonanda ngati mamina n'kumati ndi mafuta. Chodetsa nkhawa ndi mafuta obwerezabwereza masiku angapo, onunkha kwambiri, ovuta kuchapa. Pamenepo ndiye kuti thupi silikugaya mafuta. Kwa ana okulirapo, amene ayamba kudya ndi kumwa madzi, kawirikawiri timapeza tizilombo ta m'matumbo, ndipo mankhwala amathetsa. Ena matupi awo sagwirizana ndi chakudya china, monga tirigu kapena mkaka wa ng'ombe. Ena amabadwa ndi vuto la kapamba. Zonsezi timayeza, sitilota. Koma mafuta akabwera pamodzi ndi chimbudzi chotuwa, maso achikasu ndi mkodzo wakuda, timaganizira chiwindi, ndipo pamenepo sitigona. Mupite kuchipatala chachikulu lero."

Ananyamula kabotolo kaja n'kukaponya m'ndowa ya zinyalala. "Aka kakanangowonjezera katundu pachiwindi chotopa kale. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi, bere basi, ndi mankhwala okhawo amene ife tapereka."

Tinafika kuchipatala chachikulu dzuwa likupendeka, ndipo anatigoneka. Pakhomo la wodi mkazi wanga anaima. Fungo lija linamupeza. Mayi Mopu anamugwira mkono mbali imodzi, achemwali mbali inayo, ndipo analowa.

M'mawa mwake anamutenga mwana magazi pakadzanja. Kenako anatiuza kuti amuunika m'mimba ndi makina, koma asayamwe kwa maola anayi kuti ziwalo zioneke bwino. Maola anayi amenewo sindidzawaiwala. Kambalame ankayasama kukamwa, kufunafuna bere, n'kumalira mpaka mawu kusasa. Mkaka unkadontha pabulauzi ya amake, iwo akungozungulira naye m'khonde. Ine ndinkayang'ana wotchi yapakhoma, ndipo ndinkaona ngati yaima.

Lachitatu masana dokotala anatiitanira m'kachipinda kake. Anali mayi wachitsikana, wolankhula pang'onopang'ono. Anatenga pepala n'kujambula.

"Ichi ndi chiwindi. Chimapanga ndulu. Nduluyo imatsika m'tinjira ting'onoting'ono iti, n'kukalowa m'matumbo. Kumeneko imagwira ntchito ziwiri. Imasungunula mafuta a mumkaka kuti thupi liwalandire, ndipo ndi imene imapatsa chimbudzi mtundu wake. Mwa mwana wanu, zonse zimene tayeza zikusonyeza kuti tinjirati tatsekeka. Ndulu siikufika m'matumbo, choncho mafuta akungodutsa n'kutulukira pathewera, ndipo chimbudzi chilibe mtundu. Ndulu yotsekeredwayo ikubwerera m'magazi. Ndiyo mukuiona m'maso ndi mumkodzo."

Mkazi wanga anafunsa funso limene linamudya masiku onsewo. "Adokotala, kodi ndi mkaka wanga? Ndinkadya mtedza wambiri."

"Ayi, mayi. Ndiyang'aneni. Si mkaka wanu, si chakudya chanu, si chilichonse chimene munachita kapena kulephera kuchita. Ana ena zimangowachitikira, ndipo chifukwa chake sichidziwika bwino. Mkaka wanu ndi umene wamusunga mpaka lero. Idyani mtedzawo, idyani mokwanira, ndipo mupitirize kuyamwitsa."

Achemwali, amene anaima pakhomo, anaphimba nkhope ndi nsalu.

"Nanga mankhwala ake?" ndinafunsa.

"Palibe mapiritsi otsegula tinjirati. Pamafunika opaleshoni, yolumikiza thumbo kuchiwindi kuti ndulu ipeze potulukira. Sindikunamizani: si ana onse amene imawathandiza. Koma mwayi umakhala waukulu mwana akachitidwa asanakwane miyezi iwiri. Ndulu ikakhalitsa m'chiwindi imachiwononga tsiku ndi tsiku, ndipo chikawonongeka kwambiri opaleshoniyi sithandizanso. Wanuyu akulowa mlungu wachisanu ndi chimodzi. Mwafika nthawi ikadalipo."

Anandipatsa pepala loti ndisaine. Dzanja langa, limene limalemba mzere wowongoka m'mphepete mwa denga popanda chingwe, linalephera kulemba dzina langa bwinobwino. Mkazi wanga anatenga cholembera n'kusaina pansi panga. Lake silinanjenjemere.

Mwana anamutenga Lachisanu nthawi ya 8 koloko m'mawa. Anamuveka kansalu kobiriwira kamene kanamukulira, ndipo namwino anamunyamula n'kulowa naye pazitseko ziwiri zotsekeka zokha. Ife tinatsala pabenchi. Achemwali ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Mkazi wanga anagwira kachipewa ka mwana m'manja n'kumakapinda, kukatambasula, kukapindanso. Ine ndinkayang'ana khoma la kutsogolo kwathu n'kumawerenga malo amene wopenta analumpha. Ndinapeza khumi ndi asanu ndi awiri. Ndikamaliza ndinkayambiranso, chifukwa ndikasiya, maganizo ankapita kukabokosi kakang'ono kamene ndinanyamula zaka ziwiri zapitazo.

Chitseko chikatseguka tonse tinkaimirira. Ankatuluka wina wokankha machira, kapena wonyamula mabotolo, ndipo tinkakhalanso pansi. Ola lachinayi litadutsa, mkazi wanga ananong'ona kuti, "Achedwa. Bambo ake, achedwa." Ndinangomugwira dzanja, ndipo linali lozizira ngati chitsulo.

Dokotala anatuluka 1 koloko itadutsa, atatsitsa kansalu kapakamwa. "Zinali monga tinaganizira, ndipo talumikiza. Mwana akupuma bwino. Tsopano tidikire thewera. Ndi limene litiuze ngati ndulu yayamba kuyenda."

Ndiye tinayamba kudikira thewera. Kambalame anagona pakabedi kagalasi, timapaipi tili m'mphuno ndi m'dzanja, bandeji ili pamimba. Amake ankafinyira mkaka m'kapu kuti usaume. Tsiku loyamba sanachite chimbudzi. Tsiku lachiwiri, ayi. Tsiku lachitatu anachita pang'ono, chosadziwika mtundu, ndipo namwino anati tisafulumire kuweruza. Thewera lililonse tinkalitsegula ngati kalata yochokera kukhoti. Tsiku lachinayi chinaoneka chotuwanso, ndipo mkazi wanga anatuluka panja. Ndinakamupeza ataima kuseri kwa wodi, pafupi ndi zingwe zoyanikira, atatsamiritsa mphumi pakhoma.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, cha m'ma 10 koloko, mwana anali atayambiranso kuyamwa. Anafiira nkhope, n'kudzikunga, ndipo tinamva kaphokoso. Tinayang'anana. Mkazi wanga anati, "Tsegulani inuyo, ine sindingathe."

Ndinatsegula. Chinali chobiriwira, chopita kuchikasu m'mbali mwake.

Sindikudziwa kuti ndinafuula chiyani. Ndimangokumbukira ndikuthamanga pakati pa mabedi, thewera lili m'manja, ndikusakasaka namwino. Amayi ena m'wodimo anayamba kuseka, wina n'kunena kuti, "Abambo awa apenga ndi chimbudzi!" Namwino analiyang'ana pawindo, anamwetulira, n'kupita kukaitana dokotala. Mayi Mopu anali chapomwepo ndi ndowa yawo. Anasuzumira, anapukuta m'maso ndi mkono, kenako anandigunda mwendo ndi mtengo wokolopera.

"Zaoneka, a Penti. Tsopano chotsani mapazi anu apa ndikolope."

Tinatuluka patatha milungu iwiri. Maso a Kambalame anayera pang'onopang'ono, ndipo pofika miyezi inayi chikasu chinali chitatheratu. Sikelo inayamba kukwera mwezi ndi mwezi. Achemwali anakhala nafe mpaka mwana atakwawa, ndipo ndi iwo amene ankaphikira alamu awo zakudya zonona, n'kumawaimirira mpaka mbale itayera. Tsiku lina anandiuza tili awiri kuti, "Achimwene, supuni ija ndimailotabe." Ndinawauza kuti nanenso ndili ndi masiku anga awiri amene ndinawataya ndikudziwa, ndipo palibe woloza mnzake chala.

Lero Kambalame ali ndi chaka ndi miyezi itatu. Akuyenda, ndipo chilichonse chimene wapeza pansi amafuna kulawa. Sindinganene kuti nkhani yatha. Amamwa timadontho ta mavitamini tsiku lililonse, timapita naye kukayezetsa magazi pamasiku amene anatipatsa, ndipo anatichenjeza kuti akangotentha thupi, kapena chimbudzi chikayambanso kutuwa, tithamange naye tsiku lomwelo. Dokotala akuti chiwindi chake chidzafunika kuchiyang'anira moyo wake wonse. Koma ali pano, wonenepa, waphokoso, ndipo amake ndi amene amatsogola polowa pakhomo la chipatala.

Kwa inu makolo anzanga, amayi ndi abambo omwe, uthenga wanga ndi uwu. Muziyang'ana thewera la mwana wanu, ndipo muziliyang'ana powala. Chimbudzi chachikasu, chobiriwira kapena chofiirira, mwana akuyamwa bwino ndipo sikelo ikukwera, musade nkhawa ngakhale chitanyezimira tsiku limodzi. Mafuta akamabwerezabwereza kwa masiku angapo, chimbudzi chikununkha modabwitsa, mimba ikufufuma kapena mwana sakunenepa, pitani naye akamuyeze. Koma mukaona chimbudzi chotuwa kapena choyera, maso achikasu mwana atapitirira milungu iwiri, mkodzo wakuda, magazi m'chimbudzi, kutentha thupi, kusanza kosalekeza kapena kukana bere, pitani tsiku lomwelo. Tengani thewera losachapa, kapena lijambuleni pafoni padzuwa. Musamusiyitse bere, mayi asadzimane chakudya, ndipo musamumwetse mankhwala otsuka m'mimba.

Mantha ndi amene anatitsekera m'nyumba, ndipo nthawi yonseyo matenda sankatidikira. Ife tinachedwa masiku khumi ndi awiri, ndipo mwana wathu anapulumuka. Inu musachedwe ngakhale limodzi.